Mankhwala a nkhope anandiitanitsira ankhoswe

Pali anthu ku Senga Bay amene mpaka lero akandiona ndikubwera amatsitsa mawu, ndikafika n'kundipatsa moni wotsekemera mopitirira muyezo. Ndimawadziwa onse, ena timakhala nawo benchi imodzi kutchalitchi. Ndiye ndati nkhaniyi ndiifotokozeko ndekha, popeza wina aliyense anaifotokoza kale ndi zokometsera zake. Dzina langa sinditchula (akwathu andizindikira asanamalize ndime yachiwiri, enanu mulibe nalo ntchito). Chimene ndingakuuzirenitu n'chakuti ine ndinkangofuna kuchotsa zigamba kumaso, koma ndinatsala pang'ono kuchotsedwa pabanja.

Ndimagwira ntchito pa loji ina m'mbali mwa nyanja. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi ndinali wolandira alendo, wa bulauzi yoyera ndi kumwetulira kosatha. Abwana ankakonda kunena kuti mlendo amayamba waona ine asanaone nyanja, ndipo ine, mwa uchitsiru wanga, ndinkaona ngati akundiyamikira. Sindinkadziwa kuti akundiwerengera malamulo a ntchito.

Ndili ndi pakati pa mwana wanga wachitatu, m'masaya munayamba kuda. Zigamba ziwiri, china uku china uku, ngati wogulitsa makala wandigwira kumaso kuti andiyang'ane bwino. Azimayi akuluakulu anati ndisadandaule, n'za mimba, ndikangochira zichoka zokha. Mwana anabadwa, anakwawa, anayenda, mpaka anayamba kuthamangitsa abakha a aneba, zigamba zili phee. Kenako zinaitana abale awo. China chinabwera pamphumi, china pamwamba pa mlomo, chimene ukachionera patali chinkaoneka ngati ndayamba kumera ndevu.

Amuna anga, bambo a Chisomo, zonsezi sanazione. Amawotcherera zitsulo ku Joni, ndipo nthawi imene ndikunenayi anali atatha zaka ziwiri ndi theka osaponda kuno. Zithunzi ndinkawatumizira zakale, kapena zija foni imakusalaza mpaka kufanana ndi chidole cha m'sitolo. Akafuna kuimba ya vidiyo, netiweki ya ku Senga Bay inkavuta mwadzidzidzi.

Galasi ndinkalipirira, chimene chinkandikanika ndi pakamwa pa anthu. Kuno munthu wamkazi akakhala ndi masaya akuda, mlandu amaweruza pomwepo: ankadzola mafuta oyeretsa khungu, amupsereza. Ine ndinabadwa wakuda ngati bambo anga, ndipo chibadwire ndinali ndisanadzoleko china kupatula mafuta wamba amene timadzola ndi ana omwe. Koma mayi wina wogulitsa tomato anandiuza mwachifundo, "Asisi, musiye zimenezi, Mulungu sanalakwitse." Ndinamuthokoza. Tomato ndinakagula kwa mnzake.

Popeza anali atandiweruza kale, ndinati bola ndingolakwa n'kulakwa komwe. Ndinayamba ndi ndimu, kuyabwa kokhakokha. Ndinapaka papaya, ntchentche zinandikonda kuposa usipa. Kenako ndinagula kabotolo kopanda dzina pamsika ku Salima, kwa mayi amene analumbira kuti pakatha milungu iwiri ngakhale amayi anga ondibereka sandizindikira. Apa sananame. Nkhope yonse inayera mbuu, kupatula zigamba zija, zimene zinada kuposa kale. Khosi lakuda, chibwano choyera, masaya ngati kunsi kwa mphika.

Tsiku lina bambo wina wa ku Lilongwe, akulandira makiyi a chipinda, anandiyang'ana n'kufunsa mwaulemu, "Pepanitu mayi, inali ngozi ya moto?" Abwana anali chapafupi, akunamizira kukonza maluwa. Mawa lake anandiitana ku ofesi. Sanandiyang'ane kumaso, ankayang'ana kalendala.

"Kochapira kukufunika munthu wodalirika," anatero. "Mupiteko kaye, kwa kanthawi."

"Ndalakwa chiyani, bwana?"

"Aa, palibe. Mukapumeko kuima."

Ndinapita kukapuma kuima poyanika mabedishiti padzuwa la Salima kuyambira m'mawa mpaka masana. Ndinadzamva pambuyo pake kuti dzuwa kwa zigamba zimenezi ndi feteleza.

Kochapirako ndinapezako mnzanga, Asiyatu, mayi wachisilamu wa ana anayi amene satha kunong'ona ngakhale pamaliro. Ndiye yekha amene sanandifunse za mafuta. Anangondiyang'ana kamodzi n'kuti, "Pepani achemwali, zimatha izi, inshallah. Gwirani uko tifinye."

Mu Juni kunabwera msonkhano wa azaumoyo. Tsiku lachiwiri ndinapititsa matawulo m'chipinda cha mayi wina wa magalasi. Ndikutuluka anandiimitsa.

"Amayi, mundikhululukire, ine ndine dokotala. Zakumasozi zinayamba liti?"

Ndinafuna kuyankha mwamwano, koma anafunsa ngati munthu. Ndinafotokoza zonse, ndi za kabotolo komwe. Anandiimika pawindo n'kutembenuza nkhope yanga uku ndi uku.

"Izi timati melasma," anatero. "Si matenda opatsirana, si uve, ndiponso simunalodzedwe. Zimabwera ndi mimba kapena kusintha kwina kwa m'thupi, dzuwa ndiye limazikuza. Kabotolo kanuko mukataye lero. Muzivala chipewa, muzidzola mafuta oteteza ku dzuwa. Aliponso mankhwala amene amathandiza anthu ena, dzina lake tranexamic acid." Analemba dzinalo pakapepala ka loji. "Koma tamverani, musakagule nokha. Mupite kuchipatala akakufunseni mafunso kaye, chifukwa si aliyense angamwe mankhwala amenewa."

Ndinavomera zonse ndi mutu. Koma mukudziwa mmene munthu wofunitsitsa amamvera: pa mawu onse aja khutu langa linatola dzina la mankhwala lokha. Za kuchipatala ndinaziganizirako, sindikana. Ndinadziona ndili pamzere kuyambira m'mamawa pakati pa anthu a malungo ndi othyoka miyendo, kenako n'kufika kwa dokotala kukanena kuti ine vuto langa sindikukongola. Ndinati ayi, zimenezo achite ena.

Loweruka ndinali pa ofu. Ndinapaka paudala wokwanira kupenta kalasi, ndinakwera minibasi ya ku Salima, n'kulowa m'sitolo ina ya mankhwala imene ndinkaganiza kuti akwathu safikamo. Wogulitsa anali bambo wa jekete yoyera, mawu ake ngati a kondakitala. Ndinamupatsa kapepala kaja mwakachetechete. Iye anakawerenga mokweza.

"Awa ndi oletsa kutaya magazi awa. Mukutaya magazi, mayi?"

Apa mpamene ndinadzikumbira dzenje, khasu ndinagwira ndekha. Ndinaganiza kuti ndikati ndi a nkhope andiseka, mwinanso andikaniza. Ndiye ndinati, "Eya."

"Kwambiri?"

"Pang'ono... kwambiri ndithu."

"Mwayamba liti? Munali oyembekezera? Mwapita padera kapena?"

"Bambo, ingondipatsani, ndikufulumira."

"Ndikupatsani, koma zikapitirira muthamangire kuchipatala. Zotsalira m'mimba zimapha, mayi, musamachite manyazi."

Ndinalandira kapaketi n'kutembenuka. Kumbuyo kwanga, pafupi moti mpweya wawo unkandifika m'khosi, kunali alamu anga a Esinati, mlongo wawo wa bambo a Chisomo, atabwera kudzagula mankhwala awo a BP.

"Alamu," anatero, "mwaswera bwanji?"

"Ndaswera bwino, kaya inu alamu?"

"Ife tili bwino. Koma inu ndi amene."

Munthu wanzeru akanafotokoza pomwepo. Ine ndinaganiza kuti kufotokoza n'kuvomera bodza pamaso pa wogulitsa uja, amene anali akutiyang'anabe, ndipo mwina akanandilanda kapaketi kanga. Ndinangoseka kaseko kopanda mutu.

Tinakwera minibasi imodzi pobwerera. A Esinati, amene chikwatiwire sanandigulirepo ngakhale switi, anandigulira nthochi. Anakangana ndi kondakitala kuti andipatse mpando wakutsogolo, akuti mayiwa sali bwino m'thupi. Potsika anandigwira dzanja. "Muzidya bonongwe wambiri, amabwezeretsa magazi." Ndinafika kunyumba ndikudzidzudzula kuti zaka zonsezi ndinkangomuganizira zoipa mlamu wabwino chonchi. (Sekani, inenso ndimaseka, kungoti mano amakhala olumana.)

Mapiritsi ndinayamba tsiku lomwelo, limodzi m'mawa limodzi madzulo, mlingo wodzipatsa ndekha. M'mawa uliwonse ndisanasukuse ndinkathamangira pagalasi. Zigamba zinkandiyang'ana ngati eni malo.

Lachinayi kunagwa maliro m'mudzi woyandikana nafe, ndipo monga mwa nthawi zonse ndinapita kukathandiza kuphika. Nditatapa mchere kuti ndithire mu nyemba, mayi wina wa kutchalitchi kwathu anandigwira mkono. "Siyani amake Chisomo, tithira ife. Inu kakhaleni pamthunzi." Kwathu kuno mkazi amene wangopita padera sathira mchere m'ndiwo za anthu, amati angawadwalitse. Ine zimenezo ndimazidziwa kuyambira ndili namwali, koma tsiku limenelo ndinakakhala pamthunzi ndi mtima woyera, ndikuti anthu ayamba kundilemekeza.

Amene ananditsegula m'maso ndi Asiyatu. Lolemba tikuyanika, anaponya mapegisi pansi.

"Achemwali, wallahi sindingathenso kusunga. Mukudziwa zimene akukamba kumathandala koyanika usipa?"

"Za ndani?"

"Za inu! Akuti munali ndi mimba, mwachotsa. Akuti alamu anu anadzimvera okha ku Salima. Akuti chigamba chatsopano cha pamphumicho ndi umboni, poti zoyamba zija zinabweranso ndi mimba."

"Mimba ya ndani? Bambo a Chisomo ali ku Joni!"

"Ndiye nkhani yake imeneyo. Ena akuti ndi wa boti uja amayendetsa azungu. Ena akuti ndi mmodzi wa a msonkhano aja, chifukwa anakuonani mukulowa m'chipinda ndi matawulo, n'kutuluka mukumwetulira, kapepala kali m'manja."

"Anali mzimayi dokotala ameneyo!"

"Astaghafirullah, musawauze zimenezo, awonjezera ina."

(Msonkhanowo unali utangotha kumene, koma mphekesera siwerenga miyezi.)

Ndinaimbira bambo a Chisomo. Foni inaitana mpaka kuduka yokha. Ndinalemba uthenga, unaonetsa kuti awerenga, yankho osabwera. Nditaweruka ndinathamangira kwa a Esinati, ndinawapeza akusankha mpunga pakhonde.

"Alamu, zija munamva ku Salima si mmene zilili. Mankhwala aja..."

"Musadzivute alamu, mungagwe. Ine ndinangouza achimwene zimene ndinamva, zina zonse mukanena pamaso pa akuluakulu." Sanakweze ndi mutu womwe.

Patapita masiku awiri malume anga, amene ndi nkhoswe yanga, anatsika pa kabaza kuchokera ku Lifuwu, kathumba ka mpunga kali m'manja, nkhope ili gwa. Anati akuchimuna aitanitsa zokambirana Lamulungu tikaweruka kutchalitchi.

"Mwana wa mlongo wanga, undiuze zoona ndisanakachite manyazi pagulu."

"Malume, mankhwalawo ndi a nkhope."

Anaiyang'ana nkhopeyo nthawi yaitali. "Nanga bwanji sakugwira?"

Lachisanu ndinapita kuchipatala kuja ndinkakuthawa, ndinaima pamzere uja ndinkaunyoza, tsopano ndikufuna umboni. Dokotala wake anali bambo wodekha. Anandiyeza, mimba panalibe. Anayang'ana nkhope n'kutchula dzina lomwe lija, melasma. Ndinamuonetsa kapaketi kanga. Anafunsa ngati pali mankhwala ena amene ndikumwa.

"Olera okha, a tsiku ndi tsiku aja."

Anaika cholembera pansi. "Mukumwa mapiritsi olera pamodzi ndi awa? Kwa nthawi yaitali bwanji?"

"Pafupifupi milungu iwiri."

"Anakulemberani ndani?"

Ndinayang'ana zala zanga zakumapazi.

Anandiuza kuti ndisiye tsiku lomwelo. Anati mankhwalawa ntchito yake yeniyeni n'kuthandiza magazi kuundana, ndipo mapiritsi olera a mtundu umene ndinkamwawo nawonso amakankhira komweko. Ukawaphatikiza magazi akhoza kuundana mumtsempha wa mwendo, chibulumacho n'kuthamangira kumapapo, munthu n'kugwa ali chiimire. Anandifinya akatumba, kufunsa ngati mwendo ukutupa kapena ndikubanika. Ndinalibe chilichonse, mwayi wa chitsiru. Anawonjezera kuti mapiritsi olerawo ayenera kuti ndi amenenso ankadyetsa zigamba zanga miyezi yonseyi. Zonse analemba m'buku langa la kuchipatala, tsamba lathunthu. Ndinatuluka ndili ndi mantha, komabe ndikunyadira. Umboni ndinali nawo, wa chidindo.

Lamulungu masana tinakhala pakhonde pathu. Kuchikazi kunali malume, kuchimuna alamu aakulu a Gelesomu, achimwene awo a bambo a Chisomo, ndi a Esinati monga mboni. Ana tinawatumiza kwa aneba (aneba akewo, ndikhulupirira, anali atatsamira mpanda wathu). Foni anaiyedzeka ku chitini cha shuga patebulo, bambo a Chisomo ali mkatimo, atavala chipewa cha ubweya, akuyang'ana kumbali.

A Esinati anafotokoza zonse, ndipo chondiwawa n'chakuti sananame liwu ndi limodzi lomwe. Anabwereza mafunso a wogulitsa uja ndi mayankho anga, mpaka kutsanzira kamvekedwe kanga pa "pang'ono... kwambiri ndithu". Ndikanakhala mlendo ndikanawakhulupirira.

Itafika nthawi yanga ndinatulutsa buku lija ngati loya. A Gelesomu analitembenuza uku ndi uku, zolemba za dokotala zinawakanika. Malume anati magalasi aiwala ku Lifuwu. A Esinati, amene anathandizapo kusikelo ya ana zaka zingapo, anatambasula dzanja. Ndinawapatsa ndekha, ndi manja awiri.

Anawerenga ndi chala. "Alemba kuti mimba palibe. Chabwino, nanga itachoka ingapezeke bwanji? Apa alemba za khungu..." Chala chinaima. "Alamu, mukumwa mapiritsi olera?"

Anakweza mutu n'kundiyang'ana.

"Mukulera chiyani, amuna anu ali ku Joni chaka chachitatu chino?"

Ndinayankha zoona, kungoti zoona zake zinali zopanda ulemu. Ndinati ulendo watha bambo a Chisomo anangotulukira pa Khirisimasi osanena, atanyamula bulangete ndi wailesi, anakhala milungu itatu, n'kundisiyira mwana wachitatu amene mpaka lero amangomuonera pafoni. Ndinati sindinkafuna kudzidzimutsidwa kawiri. Malume anatsokomola. A Gelesomu anayang'ana kudenga ngati akuwerenga malata.

Zinavuta. A Esinati anati mkazi wodikira mwamuna wake salera. Malume anati mwana wa mlongo wawo analeredwa bwino. A Esinati anati kuleredwa ndi kulera n'zosiyana. Kenako a Gelesomu anayamba kunena mofatsa kuti mwina ndichoke kaye m'nyumba imene m'bale wawo anamanga, ndikakhale ku Lifuwu mpaka mwini wake adzabwere, ana atsale ndi a Esinati chifukwa cha sukulu. Ndinayang'ana pafoni kuti bambo a Chisomo akane. Anali akuyang'anabe kumbali. Apo mpamene mantha enieni anandigwira, kuposa aja a kuchipatala.

Ndinalowa m'nyumba, ndinanyowetsa kansalu, ndinabwerera pakhonde n'kupukuta paudala yense pamaso pawo. Ndinanyamula foni ija, ndinatsikira padzuwa, n'kuiyandikiza kumaso.

"Bambo a Chisomo, onani. Ichi ndi chimene ndinkafuna kuchotsa. Ichi ndi chimene anandichotsera polandirira alendo. Netiweki siinkavuta ayi, ndinkakubisirani ichi."

Anandiyang'anitsitsa osaphethira moti ndinaganiza kuti foni yaima. Mumtima ndinkayembekezera mawu, sindibisa. Mwina akuti pepani amake Chisomo, munkavutika nokha. Ndinali nditakonzeka ndi kulira komwe.

"Iii," anatero. "Achimwene, nkhaniyi ithe. Amake Chisomo sakunama. Ndi nkhope imeneyi angawafune ndani?"

Anaseka. Onse anaseka, kuseka kwa anthu amene atula katundu wolemera. A Gelesomu anadzimenya pantchafu. Malume anga, magazi anga enieni, anaomba m'manja n'kuti, "Zikomo akamwini, mwayankhula ngati bambo." A Esinati anandiyang'anitsitsa n'kugwedeza mutu. "Komadi," anatero. Ine ndinali chiimire padzuwa, foni m'dzanja lina, kansalu konyowa m'dzanja lina, ndipo mundikhulupirire, ndinamwetulira nawo. Zaka zisanu ndi chimodzi zolandira alendo sizipita pachabe.

Mlandu unathera pomwepo, ine wopambana. Chigamulo chinali chakuti ndipepese alamu anga, chifukwa bodza langa la ku Salima ndi limene linawasokoneza. Ndinagwada, ndinapepesa. Iwo anandikhululukira ndi mtima wonse. Kenako ndinakaphika mpunga uja malume anabweretsa, mchere ndinathira ndekha, wambiri, ndipo palibe anadandaula.

Mawa lake Asiyatu anandidikira pageti. Ndinamufotokozera zonse mpaka mawu omaliza aja. Anangotenga mbali yanga ya mabedishiti n'kukayanika yekha.

Kuchipatala ndinabwererako, tsopano ngati munthu wophunzira. Anandisinthira njira yolera, anandiika lupu. Patapita nthawi, atandifunsa mafunso onse aja mayi wa magalasi ankanena, za magazi, za fodya, za abale amene anadwalapo sitiroko, anandilola kumwa tranexamic acid yomweyo kwa miyezi yowerengeka, iwo akundiona. Anandichenjeza kuti si sopo, sizichoka sabata imodzi, ndiponso zikhoza kubwerera. Ndimadzola mafuta oteteza ku dzuwa, ndipo ndimayanika nditavala chipewa chachikulu cha mlaza, chimene Asiyatu amati chimandionetsa ngati bowa. Pofika mwezi wachitatu ndevu zija zinazilala, masaya anayamba kugwirizana ndi khosi. Dzuwa la Okutobala labwezako zigamba pang'ono, koma munthu akhoza kundiyang'ana osayamba ulaliki. Polandirira alendo sanandibwezerepo, kanthawi ka abwana kakadayendabe. Kumathandala nkhani siinafe, anangoisoka mwina: akuti ndinapulumuka chifukwa malume amadziwa kuyankhula.

Sabata yatha ndinakumana ndi a Esinati pa siteji ya kabaza. Anandiyang'ana tsaya ili, anazungulira n'kuyang'ananso linalo.

"Alamu, mwayambatu kusalala."

"Zikomo alamu."

"Achimwene akudziwa?"

Ndiye mwaona pamene ndafika. Mboni yokhayo imene inandipulumutsa ndikuifufuta ndekha m'mawa uliwonse, ndi chilolezo cha dokotala.

Mukafuna phunziro, la dokotala lilipo ndipo ndi loona: mankhwala a pakapepala musamagule nokha. Langa longowonjezera n'lakuti musamaname m'sitolo ya mankhwala musanacheuke. Kupitirira apo sindinaphunzire kanthu. Anthu amati ndiyamike, banja linapulumuka. Asiyatu amati ndisasunge, amuna amayankhula ngati akutaya madzi otsukira mbale, sayang'ana amene akudutsa. Mwina n'zoona. Bambo a Chisomo akubwera mu Disembala, ulendo uno aneneratu. Dzana analemba uthenga, akuti ndinene chimene ndikufuna andigulire ku Joni, chilichonse. Ndinalemba yankho lalitali, ndinafufuta. Ndinalembanso, ndinafufutanso. Pomaliza ndinawatumizira masaizi a nsapato za ana.